Dzuwa la ku Tete limaboola kamera: mmene mungatetezere makina ojambulira akale ndi mafoni

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ndi Novembala ukafika, nthambi yoona zanyengo ya INAM imachenjeza za kutentha kodutsa madigiri 40 mumzinda wa Tete ndi m'maboma a m'chigwa cha Zambezi. Pa nthawi imeneyi timakumbutsana kumwa madzi ambiri, kuika ziweto pamthunzi ndi kusunga mbewu pamalo ozizira. Koma pali katundu wina amene dzuwa limawononga mwakachetechete, mwiniwake osadziwa mpaka tsiku lomwe akumufuna. Katunduyu ndi makina ojambulira zithunzi, kuyambira kamera yakale ya filimu yomwe ili m'sutikesi ya agogo mpaka foni yomwe ili m'thumba mwanu.

Pa makina onsewa, osachedwa kupsa ndi makamera akale okhala ndi kansalu mkati. Kamera yotere ikasiyidwa itayang'ana dzuwa popanda chivundikiro, kansaluko kamatha kubooka m'masekondi ochepa. Kunja kamera imaoneka yabwinobwino, koma zithunzi zambiri zojambulidwa pambuyo pake zimatuluka ndi banga.

Kansalu kameneka n'kachiyani?

Filimu imafuna kuwala kochepa kwambiri komanso kwa kanthawi kochepa. Ikaona kuwala nthawi yaitali imapserera, chithunzi osatuluka. Choncho m'kamera muli chitseko chomwe chimakhala chotseka nthawi zonse, ndipo chimangotseguka pamene wojambula wadina batani. Pa Chipwitikizi chitsekochi amati obturador. M'makamera ambiri akale chitsekochi ndi makatani awiri ang'onoang'ono a nsalu yopyapyala, yopakidwa mphira wakuda kuti kuwala kusadutse. Makataniwa ali pafupi kwambiri ndi filimu. Mukadina batani, katani yoyamba imathamanga n'kutsegula njira, yachiwiri n'kutsatira pambuyo kutseka. Mukapukusa chogwirira kuti filimu isunthe, makatani onse awiri amabwerera pamalo pake kudikira chithunzi china.

Kapangidwe kameneka kanatchuka ndi kamera ya Leica, yomwe anaipanga Oskar Barnack ku Germany ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1925. Mafakitale a ku Soviet Union anatengera nzeru yomweyo. Ku Kharkiv anayamba kupanga makamera a FED mu 1934, ndipo ku Krasnogorsk anayamba kupanga Zorki mu 1948 ndi Zenit mu 1952. Zenit-E, yomwe inatuluka mu 1965, anaipanga miyandamiyanda ndipo inafika m'mayiko ambiri chifukwa inali yotsika mtengo komanso yolimba. Nayo Pentax K1000 ya ku Japan, yomwe inagulitsidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, ili ndi makatani a nsalu. Makamera a Praktica ankapangidwa ku Dresden, ku Germany wa Kum'mawa, dziko limene anthu ambiri a kuno ku Mozambique anakagwirako ntchito pambuyo pa pangano la 1979. Ma Praktica oyambirira ali ndi nsalu, pamene ambiri a m'zaka za m'ma 1970 ali ndi timasamba tachitsulo.

Opanga makamera ankalidziwa vutoli. N'chimodzi mwa zifukwa zomwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya Nikon inayamba kupanga makatani a chitsulo chopyapyala cha titanium, ndipo Canon inaika makatani achitsulo m'makamera ngati Canon P ya mu 1959. Komabe nsalu sinatheretu ntchito, chifukwa imayenda mosachita phokoso ndipo imakhalitsa ikasamalidwa. Mpaka lero Leica imapangabe makamera a filimu okhala ndi makatani a nsalu.

Dzuwa limaboola bwanji?

Aliyense amene anaseweretsapo galasi lokulitsa zinthu, lija timati lupa, akudziwa kuti mukaligwira padzuwa pamwamba pa pepala kapena udzu wouma, kuwala kumasonkhana pa kadontho kamodzi ndipo posakhalitsa utsi umayamba kutuluka. Lenzi ya kamera ndi lupa yomweyo, kungoti yopangidwa mwaluso kwambiri. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kochokera kunja n'kukuika pa filimu. Ikayang'ana dzuwa imachitanso chimodzimodzi, koma chomwe chili kutsogolo kwa filimu ndi kansalu kakuda kaja.

Tiyeni titenge chitsanzo cha lenzi ya Jupiter-8, yomwe imapezeka pa makamera ambiri a Zorki. Yalembedwa 50 mm ndi nambala 2. Ikatsegulidwa yonse, chibowo cholowera kuwala chimakhala chachikulu mamilimita 25, ngati kukula kwa chitsekero cha botolo. Kuwala konse kolowa pachibowo chimenechi kumakasonkhana pa kadontho kosafika theka la milimita imodzi, kochepa kuposa kambewu ka fodya tikaika tiwiri pamodzi. Mukawerengetsa, mphamvu ya dzuwa pa kadonthoko imaposa ka 2,000 mphamvu yomwe imagwa pakhungu lanu mukaima pabwalo masana. Nsalu yakuda imamwa kutentha, mphira umasungunuka, ulusi n'kupsa. Chotsala ndi kabowo konga koboola ndi singano.

Kuno kwathu pali chinthu china chowonjezera ngozi. Mzinda wa Tete uli pa madigiri 16 kum'mwera kwa ekweta, choncho kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, dzuwa limadutsa paliwombo penipeni masana. Masabata oyandikira nthawi zimenezi, kamera yogonekedwa chagada patebulo, pamphasa kapena pamwamba pa thumba la chimanga imakhala ikuyang'anizana ndi dzuwa maso ndi maso. M'mawa ndi madzulo ngozi imasamukira kwa kamera yolendewera pakhosi kapena paphewa, chifukwa dzuwa limakhala latsika ndipo lenzi imaloza komweko munthu akamayenda kapena akaima n'kumacheza. Ngakhale dzuwa litalowera chammbali, malinga ngati likuoneka mkati mwa chithunzi chomwe lenzi ikuona, kadontho kamoto kaja kamagwera penapake pa nsalu.

Abale a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga asaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'chigwa okha. Ku Ulónguè kapena ku Furancungo mphepo imakhala yozizira chifukwa malowa ndi okwera, koma chomwe chimaboola nsalu ndi kuwala kwa dzuwa kodutsa mu lenzi. Tsiku la Juni lopanda mitambo, munthu atavala juzi, kamera ikhoza kupsa chimodzimodzi.

Dziwani mtundu wa kamera yanu

Si makamera onse a nsalu amene ali pangozi yofanana. Njira yapafupi yodziwira ndi kumasula lenzi muli m'nyumba n'kusuzumira mkati.

Mukaona nsalu yakuda mwachindunji, popanda china chotchinga, kamera yanu ili m'gulu la Leica, FED ndi Zorki. Makamera amenewa pamwamba pake ndi pafulati ndipo kutsogolo ali ndi timawindo tiwiri kapena titatu. Awa ndi amene ali pangozi yaikulu, chifukwa pakati pa lenzi ndi nsalu palibe chilichonse.

Mukaona kalilole wopendekeka, kamera yanu ili m'gulu la Zenit, Pentax ndi Praktica. Awa ali ndi kalinunda pamwamba. Kaliloleyo amakhotetsera kuwala m'mwamba kupita ku diso la wojambula, motero amateteza nsalu nthawi zambiri. Koma pali makamera ena akale, monga Zenit 3M, omwe kalilole wake akakwera pojambula satsika mpaka mutapukusanso chogwirira. Chizindikiro chake n'chakuti mukatha kujambula, poonera pamada bii. Nthawi imeneyo nsalu ili pambalambanda. Ndipo kalilole yemwe amateteza nsaluyo amatumiza dzuwa lomwelo m'diso mwanu. Musayang'ane dzuwa kudzera m'kamera yotere ngakhale pang'ono, chifukwa kupsa kwa mkati mwa diso sikupweteka nthawi yomweyo koma kumatha kusiya chilema cha moyo wonse.

Zoyenera kuchita

Chitetezo choyamba ndi chivundikiro cha lenzi, chija amati tampa. Mukangotha kujambula, vundikirani. Ngati chinatayika kalekale, chitsekero cha pulasitiki cha chitini kapena cha botolo lalikulu chokwana bwino chimagwira ntchito, bola chisakhale choonekera mkati. Sokosi yakuda yochindikala nayo imathandiza. Makamera ambiri a ku Soviet Union ankabwera ndi chikwama chachikopa chotseka kutsogolo, ndipo ngati chilipo, chigwiritseni ntchito. Pa makamera a timawindo aja samalani chinthu chimodzi: poonera pamaonekabe bwinobwino ngakhale lenzi ili yovundikira, choncho zolowerani kuyang'ana kutsogolo musanadine.

Chachiwiri, poyenda lenzi iziloza pansi kapena kuthupi lanu. Mukaika kamera pansi, igonekeni chafufumimba pa kansalu koyera kapena iikeni m'thumba. Musaisiye pa miyendo yake itatu pabwalo pamene mukudikira akwati kutuluka m'tchalitchi. Ngati n'kofunika kuti ikhale pomwepo, iphimbeni ndi chipewa kapena chitenje.

Chachitatu, chepetsani chibowo cha lenzi. Pa lenzi pali mkombero wolembedwa manambala monga 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11 ndi 16. Nambala ikamakula, chibowo chimachepa, ndipo nambala iliyonse yotsatira imadula kuwala ndi theka. Kuchoka pa 2 kufika pa 16, kuwala kolowa kumachepa ka 64. Kusiya mkomberowu pa 16 pamene simukujambula kumachepetsa ngozi kwambiri, ngakhale sikulowa m'malo mwa chivundikiro.

Pali malangizo ena omwe ojambula amauzana, akuti mukapotoza lenzi kuti iziona zapafupi ndiye kuti dzuwa silingaboole nsalu. Musawadalire. Nsalu ili mamilimita ochepa kutsogolo kwa filimu. Lenzi ya 50 mm ikapotozedwa kuti ione chinthu chomwe chili pa mita imodzi, imasunthira kutsogolo pafupifupi mamilimita atatu, ndipo kadontho ka dzuwa nako kamasuntha mtunda womwewo. Mapeto ake kadonthoko kakhoza kugwera ndendende pa nsalu, kali kakang'ono komanso kotentha kuposa kale. Malenzi okhawo omwe amalowa mkati mwa kamera ngati fulu akabisa mutu, monga Industar-22, ndi amene amamwaza kuwala akalowetsedwa.

Mungadziwe bwanji kuti nsalu yabooka?

Chizindikiro choyamba chimaoneka pa zithunzi. Pamakhala kadontho koyera kapena kofiirira pamalo amodzimodzi pa zithunzi zambiri za filimu imodzi. Pa negativu kadonthoko kamaoneka kakuda. Kamakula kwambiri pa chithunzi chomwe chinakhalitsa kuseri kwa nsalu kamera ili pakuwala, ndipo pa zithunzi zojambulidwa motsatizana mwachangu mwina sikaoneka n'komwe.

Musadikire kuwononga filimu kuti mudziwe. Usiku, kamera ilibe filimu, masulani lenzi, tsegulani kumbuyo, zimitsani nyale, kenako walitsani tochi ya foni kutsogolo inu mukuyang'ana kumbuyo. Kabowo kalikonse kamawala ngati nyenyezi. Mukatha, pukusani chogwirira n'kuyang'ananso, chifukwa makatani ndi awiri ndipo imodzi yokha ndi imene imaoneka pa nthawi imodzi. Nsalu musaikhudze ndi chala. Mukaona tinyenyezi tambirimbiri tomwazikana paliponse, vuto si dzuwa lokha ayi, koma mphira wakalamba ndipo ukusweka.

Kabowo kamodzi kakang'ono kamatheka kutseka. Okonza makamera amagwiritsa ntchito penti wakuda wopaka pa nsalu, yemwe akauma amakhalabe wofewa. Amatenga kadontho kochepa kwambiri ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, n'kupaka pa kabowo pokha, kenako n'kusiya kamera yotsegula tsiku lathunthu kapena kuposa osapukusa chogwirira. Kupukusa penti asanaume kumamatiriza nsalu pa chogudubuza chake. Musayese ndi guluu wouma msanga wa m'timachubu, penti wa zikhadabo kapena chigamba cha chubu cha njinga. Ziwiri zoyambazo zimauma gwa n'kuthyola nsalu ikamakulungika, pamene chigamba chimalemeretsa katani n'kusokoneza liwiro lake. Bowo likakhala lalikulu, kapena mphira ukamayoyoka, katani yonse iyenera kusinthidwa, ndipo imeneyi ndi ntchito ya mmisiri wodziwa makamera a filimu. Ndi bwino kamera ikhale ikudikira mmisiri kusiyana ndi kuimasula ndi mpeni kunyumba.

Kasungidwe m'nyumba

Kutentha kumakalambitsa mphira ngakhale dzuwa lisanafike pa nsalu. Kamera yosungidwa m'bokosi lachitsulo pafupi ndi denga la malata, kapena yosiyidwa kutsogolo kwa galimoto pafupi ndi galasi, imaphikidwa tsiku ndi tsiku. M'galimoto yotseka yoima padzuwa kutentha kumatha kudutsa madigiri 60. Mafuta a m'timawilo ta kamera amasungunuka n'kuyenderera pa magalasi, filimu nayo imasintha mtundu. Sungani kamera pansi, m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi zenera.

Nyengo ya mvula imabwera ndi mdani wina, chuku chomera mkati mwa lenzi ngati ukonde wa kangaude. Chuku chimakonda mdima ndi chinyontho, makamaka m'zikwama zachikopa. M'miyezi ya dzinja tulutsani kamera m'chikopa, iikeni m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tomwe timapezeka m'makatoni a nsapato ndi a mafoni. Ena amayanika lenzi padzuwa pofuna kuthana ndi chuku. Ngati mukutero, ichotseni kaye pa kamera, ndipo musaiike pa nsalu, pa pepala kapena pafupi ndi udzu, chifukwa ikhoza kuyatsa moto. Ngakhale botolo loyera lodzaza madzi kapena magalasi owerengera osiyidwa padzuwa amatha kusonkhanitsa kuwala mofananamo, zomwe n'zofunika kukumbukira m'chilimwe pamene udzu ndi mapesi zauma. Kamodzi pamwezi tulutsani kamera, pukusani ndi kudina kangapo kuti makatani asaumire malo amodzi. Pa FED ndi Zorki, sinthani liwiro la chitseko pokhapokha mutapukusa kale chogwirira, apo ayi zamkati zimatha kupindika.

Nanga mafoni ndi makamera amakono?

Ambiri mwa omvera athu kamera yawo ndi foni. Ndi imene amajambulira mbozi zomwe zagwa m'chimanga kuti atumizire alangizi, kuonetsa wogula mbatatesi kapena nyemba asanabwere ndi galimoto, ndi kusunga chithunzi cha lisiti ya fodya. Ndi momwenso muli ndalama za M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Foni ilibe katani. M'malo mwa filimu ili ndi kachipangizo kotchedwa sensa, komwe kamakhala koyang'ana kunja nthawi zonse. Lenzi ya foni ndi yaing'ono, motero kujambula dzuwa likamalowa kapena kulidutsa mwachangu sikuvuta. Choipa ndi kuisiya nthawi yaitali kamera italoza dzuwa la masana, monga mmene zimakhalira foni ikafufumikidwa pamwala kumunda. Sensa ikapsa, zithunzi zimakhala ndi banga kapena mzere wosachoka.

Koma chowononga mafoni kwambiri kuno ndi kutentha. Makampani monga Apple ndi Samsung amalangiza kugwiritsa ntchito mafoni awo pamalo osadutsa madigiri 35, mulingo womwe Tete amaudutsa masiku ambiri m'chilimwe ngakhale pamthunzi. Batire ikamatenthedwa kawirikawiri imayamba kutha moto msanga, ndipo nthawi zina imatupa. Amene mumatchaja ndi sola, sola ikhale padzuwa koma foni ndi batire zikhale pamthunzi, chingwe chikhale chotalikirapo. Foni ikatentha, izimitseni, ichotseni m'chikwama chake, iikeni pamthunzi podutsa mphepo. Musaiike mufiriji kapena kuikulunga ndi nsalu yonyowa, chifukwa chinyontho chimalowa mkati. Batire yotupa musaiboole, musaitchajenso, ndipo musaitaye pamoto.

Achinyamata omwe amajambula maukwati ndi misonkhano ndi makamera a dijito nawo asamale, makamaka akamangirira lenzi yaitali yokokera zakutali. Lenzi yotere imakhala ndi galasi lalikulu ndipo imalowetsa kutentha kochuluka. Pambuyo pa kadamsana wa pa 21 Ogasiti 2017 ku America, kampani yobwereketsa makamera ya Lensrentals inaonetsa zipangizo zomwe zinabwezedwa zitapsa: zitseko zosungunuka, masensa owonongeka ndi timasamba ta mkati mwa lenzi topindika. Akuluakulu akukumbukira kadamsana wa pa 21 Juni 2001, yemwe mthunzi wake unadutsa ku Lusaka, kumpoto kwa Zimbabwe ndi pakati pa dziko lathu. Tsiku lotere likadzabweranso, kamera ndi maso omwe zimafuna sefa yopangidwira kuyang'ana dzuwa. Magalasi akuda wamba sateteza.

Chifukwa chiyani tivutike ndi makina akale?

Wina angafunse kuti kamera ya filimu ili ndi ntchito yanji lero. Choyamba, ndi chuma. M'mayiko ambiri achinyamata abwereranso ku filimu ndipo makamera akale akugulidwanso, koma wogula wodziwa amayamba wayang'ana makatani ndi tochi asanatchule mtengo. Kamera yobooka imagulidwa ngati chitsulo chophwasula.

Chachiwiri, ndi mbiri. Zambiri zomwe tikudziwa ndi maso za nthawi ya atsamunda, za ufulu wa 1975 ndi za nkhondo yomwe inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 zinasungidwa pa filimu ndi ojambula ngati Ricardo Rangel ndi Kok Nam. Rangel, yemwe anabadwa mu 1924 n'kumwalira mu 2009, anatsegula mu 1983 sukulu yophunzitsa kujambula ku Maputo, yomwe inakhalanso nkhokwe ya zithunzi za dziko. Mabanja a m'malire ali ndi nkhokwe zawo zazing'ono. Ambiri anathawira ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe nthawi ya nkhondo, kudutsa pa Zóbuè, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano kapena m'njira za m'tchire, ndipo zithunzi zochepa zomwe anapulumutsa kapena kujambulitsa ali kumeneko ndi zokhazo zomwe zidzukulu zingaonerepo nkhope za makolo awo.

Zithunzi zimenezi nazo zimaopa dzuwa. Chithunzi chamitundu chopachikidwa pakhoma loyang'ana zenera chimafwifwa pang'onopang'ono mpaka nkhope kuzimiririka. Chisamutsireni pakhoma lamthunzi. Manegativu asungeni m'envulopu ya pepala pamalo ouma, ndipo zithunzi zofunika kwambiri zijambuleni ndi foni muli pamthunzi wowala bwino, n'kutumizira abale awiri kapena atatu kuti foni imodzi ikawonongeka zisatayike.

Ngati m'nyumba mwanu muli kamera yakale, itulutseni usiku uno, muiyeze ndi tochi monga tafotokozera, ndipo muipezere chivundikiro dzuwa la mawa lisanatuluke.